Kulipiriratu zonse, galimoto yobwereka kapena sitima: kukaona sinowo ndi ana

Chibwerereni ku ulendo wathu wachiwiri, anzanga akhala akundifunsa kuti njira yabwino ndi iti yopititsira ana kumapiri kukaona sinowo, uja ena amati chipale chofewa. Njira ziwiri ndaziyesa ndekha, ya galimoto yobwereka anaiyesa ndi mlamu wanga ndi banja lake. Ndineneretu kuti yoyambayo ndikadali nayo chakukhosi.

Kumayambiriro kwa January 2023 tinapita kumapiri a Alps ku Ulaya kudzera mwa kampani ina yokonza maulendo. Tinalipiriratu miyezi inayi ulendo usanafike: kogona, chakudya, matikiti okwerera phiri ndi maphunziro a ana otsetsereka pa sinowo. Pazithunzi zawo mudzi wonse unali woyera mbee. Titafika tinapeza udzu wobiriwira ndi matope. Choyera chinali kamzere kamodzi kokha kotsika phiri, kangati nsalu yoyanika. Mwana wathu wamng'ono anayang'ana pawindo la basi nkufunsa kuti, "Ababa, sinowo uja ali kuti?" Ndinasowa choyankha.

Chaka chimenecho kunafunda modabwitsa m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo malo ambiri otsetserekera omwe ali m'munsi anatseka njira zawo. Nyengo sindiimba nayo mlandu munthu. Chomwe sanatiuze nchakuti mudziwo uli pa mamita pafupifupi 1,000 okha. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera, choncho mvula yomwe inkatinyowetsa ifeyo inkagwa ngati sinowo pamwamba pomwe. Kamzere koyera kaja kanali kopangidwa ndi makina opopera madzi, omwe amagwira bwino ntchito kukazizira kufika madigiri awiri kunsi kwa ziro kapena kupitirira. Sinowo wa makina ndi wolimba, wonga mchenga wa ayezi, ndipo pamzerepo mwana sangasewere chifukwa anthu amatsika ndi liwiro.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi pepala la mgwirizano. Pamwamba panalembedwa kuti zonse zalipiridwa. M'munsi, m'tizilembo tating'ono, munali mfundo ziwiri. Yoyamba inati kubwereka nsapato zotsetserekera, matabwa ake ndi zipewa zoteteza mutu nkwapadera, ndipo popanda zimenezi ana sakanalowa m'maphunziro omwe tinali titalipira kale. Tinalipiranso pomwepo, tsiku ndi tsiku, mwana aliyense payekha. Yachiwiri inati kusowa kwa sinowo si chifukwa chobwezera ndalama kapena chosinthira masiku. Ndinalemba makalata atatu titabwerako, yankho lake nkukhala lomwelo, loti tinasayina tokha. Nzoona tinasayina, koma wogulitsa ulendo wa sinowo amadziwa kutalika kwa mudzi wake, ndipo amadziwanso kuti banja lomwe silinaonepo sinowo silingaganize zofunsa zimenezo.

Ubwino wa njirayi ulipo umodzi: simuvutika kukonza kalikonse. Ngati mukufunadi sabata yathunthu yotsetsereka, sankhani mudzi wokwera ngati Val Thorens ku France, womwe uli pa mamita 2,300, ndipo muwerenge tizilembo tating'onoto musanatulutse ndalama.

Mlamu wanga anasankha kubwereka galimoto. Ufulu unalipo, ndipo katundu wa ana sankamusenza pamapewa. Koma mayiko a mapiri ali ndi malamulo awo. Ku Austria matayala a nyengo yozizira amafunika kuyambira pa 1 November mpaka pa 15 April msewu ukakhala ndi sinowo kapena ayezi. M'madera a mapiri a ku France, kuyambira mu 2021, muyenera kukhala ndi matayala amenewo kapena matcheni omanga pa matayala kuyambira pa 1 November mpaka pa 31 March. Iye matcheni anamulipiritsa padera potenga galimoto, ndipo anaphunzira kuwamanga ali m'mbali mwa msewu, kukuda, zala zitauma gwa. Mukawamanga simuyenera kupyola makilomita 50 pa ola. Komanso misewu yokwera kwambiri, monga Furka ndi Grimsel ku Switzerland kapena Stelvio ku Italy, imakhala yotseka nyengo yonse yozizira, ndiye galimotoyo imakusiyani m'munsi momwemo. Kwa munthu yemwe sanayendetsepo pa ayezi, ali ndi ana kumbuyo, ine sindingailimbikitse.

Ulendo wachiwiri tinapita kumapeto kwa February. Tinagona mumzinda wa m'chigwa, Interlaken ku Switzerland, pa mamita pafupifupi 570, ndipo tikiti yokwerera phiri sitinaguliretu. M'mawa uliwonse mayi a kunyumba ankatsegula makamera a pa intaneti omwe amaonetsa pamwamba pa phiri nthawi yomweyo. Masiku awiri oyamba kunali nkhungu, tinangoyenda m'mbali mwa nyanja. Tsiku lachitatu kunacha bwino, tinakwera sitima yopita ku Jungfraujoch. Siteshoni imeneyi ili pa mamita 3,454, inatsegulidwa mu 1912, ndipo ndiyo yokwera kuposa zonse ku Ulaya. Kumeneko sinowo samatha chaka chonse, ndipo pansi pake pamayambira mtsinje wa ayezi wa Aletsch, waukulu koposa m'mapiri a Alps. Ku Germany mungachite chimodzimodzi pogona ku Garmisch-Partenkirchen nkukwera Zugspitze, mamita 2,962.

Tikitiyo ndi yodula, sindibisa. Koma mumailipira mutaona kale ndi maso kuti kumwambako kuli chiyani, ndipo apa mpomwe njirayi ikuposera zinzake zonse.

Vuto lake ndi mpweya. Kupyola mamita 2,500 anthu ena amayamba kumva mutu ndi nseru, makamaka akakwera mofulumira. Mwana wathu wamkulu anayamba kudandaula mutu patatha ola limodzi, choncho tinatsikira ku Kleine Scheidegg, pa mamita 2,061. Kunena zoona kumeneko nkomwe anasangalala kwambiri: sinowo wofewa wofika m'mawondo, malo otakasuka, ndi tingolo totsetserekera. Amene muli ndi makanda funsani kaye, chifukwa malo ena okwera kwambiri, monga Aiguille du Midi ku Chamonix ku France pa mamita 3,842, salola ana osakwana zaka zitatu.

Pa zovala, musanyozere magolovesi ndi nsapato zosalowa madzi, pakuti mwana akanyowa manja masewera atha. Magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza khungu nzofunikanso, chifukwa sinowo wongogwa kumene amabweza mpaka 80 peresenti ya cheza cha dzuwa chowotcha khungu.

Za mwezi, February ndi kumayambiriro kwa March kumaposa December: sinowo amakhala ataunjikana, ndipo dzuwa silifulumira kulowa. Amene mukuganiza za kum'mwera kwa dziko lapansi, monga mapiri a Maloti ku Lesotho kapena a Andes ku Chile, nyengo yake ndi June mpaka August, ndipo mafunso ndi omwewo: malowo ali pa mamita angati, nanga sinowoyo ndi wogwa kapena wa makina?

Tikadzapitanso tidzagona m'chigwa, tidzasiya masiku osachepera anayi oti tisankhepo limodzi lowala, ndipo ana tidzawatsitsa sitima pa mamita 2,000, osati pamwamba penipeni.