Tochi yofufuzira timizere pa penti wa galimoto patatha miyezi 11

Sabata yatha mnzanga wina amene wangogula kumene makina opolishira galimoto anandifunsa ngati tochi yomwe ndinkaitamanda chaka chatha ndikuigwiritsabe ntchito, komanso ngati iyenso angachite bwino kugula yomweyo. Ndinachedwa kumuyankha chifukwa tochiyo inali itangobwera kuchokera kwa wogulitsa, kumene inakhala pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo mtima wanga unali usanakhale pansi. Ndaigwiritsa ntchito kwa miyezi 11, pafupifupi kumapeto kwa sabata iliyonse, pa galimoto yanga yakuda ndiponso pa magalimoto angapo a abale anga, choncho yankho la inde kapena ayi silingakwanire.

Kwa amene sanayambe ntchito imeneyi, ndi bwino kudziwa kaye chimene tochi yotere imafufuza. Penti wa galimoto zamakono amakhala ndi zigawo zingapo, ndipo chapamwamba penipeni ndi clear coat, utoto woonekera ngati galasi umene nthawi zambiri umakhala wa ma micron 40 mpaka 50 basi (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Munthu akatsuka galimoto ndi siponji yokhala ndi mchenga, kapena akapukuta fumbi ndi nsalu youma, utoto umenewu umakalika n'kutsala ndi timizere tambirimbiri. Padzuwa timizereto timaoneka ngati ukonde wa kangaude wozungulira, koma kwenikweni sitozungulira ayi. Timalowera mbali zonse, kungoti diso limaona tokhato tomwe tikubweza kuwala molunjika kwa woyang'anayo, ndipo n'chifukwa chake mukasuntha tochi, mzere wozungulirawo umasuntha nayo limodzi. Pa chifukwa chomwechi, magetsi aatali a m'galaja omwe amawalitsa paliponse mofanana amabisa timizereti, pamene kuwala kochokera pa kadontho kamodzi kakang'ono, monga LED imodzi, kumatiulula.

Zambiri pa tochiyi zilibe vuto ndipo sindichedwa nazo. Thupi lake la aluminiyamu lagwapo pa simenti kangapo koma silinasweke, maginito a kumatako kwake amagwira bwino pa chitsulo cha shelefu, batani lake likugwirabe ntchito ngati tsiku loyamba, ndipo imatchajidwa ndi chingwe cha USB-C chomwe ndimatchajira foni. Ili ndi mitundu iwiri ya kuwala, wa 4500K wofiirira pang'ono ndi wa 6500K woyera mopita ku buluu. Pa bokosi analembanso kuti CRI yake, nambala yosonyeza mmene kuwala kumaonetsera mitundu molondola, imaposa 95, ndipo nambala imeneyi ndi imene inandikopa pogula, koma ndaona kuti imathandiza kwambiri pofananiza mtundu wa penti wa chitseko chopentedwanso ndi penti wakale kusiyana ndi pofufuza timizere. Kamzere kamaoneka chifukwa cha ngodya imene kuwala kwagwera ndi kuchepa kwa malo omwe kuwalako kukuchokera, osati chifukwa cha kukongola kwa mitundu.

Chimene sindinkayembekezera ndi ubwino wa kuwala kochepa. Masiku oyamba ndinkaiyatsa pa mphamvu yake yonse nthawi zonse, ndipo pa galimoto ya mtundu wa siliva ya mlongo wanga sindinkaona kanthu kupatula kuthwanima kwa tizitsulo ta mu penti, maso n'kumachita kuwawa. Tsiku lina ndinazimitsa magetsi a m'galaja, n'kuchepetsa tochiyo kufika pa gawo lotsika, n'kusankha kuwala kofiirirako, kenaka ndinaitalikitsa pafupifupi theka la mita ndi kuipendeketsa pang'ono. Timizere tonse tinatulukira pa chitseko chomwe ndinkachiyesa chosalala. Kuyambira pamenepo ndinasiya kukhulupirira kuti kuchuluka kwa ma lumen, omwe ndi muyezo wa kuwala komwe tochi imatulutsa, ndiko kumapanga tochi yabwino pa ntchito imeneyi.

Vuto lenileni linaonekera m'mwezi wachinayi, ndipo ndi limene landivutitsa mpaka lero. Ndinali kupolisha boneti ya galimoto yanga madzulo, ndikugawa ntchitoyo m'timagawo ting'onoting'ono monga mwa nthawi zonse. Ndikamaliza kagawo, ndinkapukuta ndi nsalu ya microfiber, n'kuunika ndi tochi, ndipo poti ndinkaona kuti kuyatsa ndi kuzimitsa kukundichedwetsa, ndinangoisiya yoyaka itamatirira pa shelefu. Magawo oyambirira anandionetsa timizere totsala ndipo ndinabwerezanso. Magawo omalizira, a kufupi ndi galasi lakutsogolo, anaoneka oyera bwino pa ulendo woyamba womwewo, moti ndinasangalala poganiza kuti dzanja langa layamba kuzolowera makina. Usiku womwewo ndinapaka ceramic coating, mankhwala omwe amauma n'kuteteza penti, pa boneti yonse n'kuisiya kuti iume.

Patapita masiku awiri ndinatulutsa galimotoyo padzuwa la masana. Theka la boneti linali lakuda bii ngati madzi a m'chitsime, koma theka linalo linali ndi timizere tosatha ndiponso zizindikiro zonga utsi wonyezimira zomwe makina amasiya akapanda kumalizidwa ndi polishi wofewa. Zonsezo zinali zitatsekeredwa pansi pa ceramic coating, yemwe sachoka ndi sopo, amafunika kumupolisha ndithu. Ndinaluza botolo la mankhwala okwera mtengo, ndinaluza tsiku lathunthu, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinayenera kudyanso clear coat pamalo omwe ndinali nditadya kale. Utoto umenewu ukachepa subwereranso, ndipo kupolisha kulikonse kumachotsako ma micron angapo.

Poyamba ndinaimba mlandu polishi, chifukwa mafuta ake amatha kudzaza timizere n'kutibisa kwa kanthawi, ndipo n'chifukwa chake anthu amapukuta ndi isopropyl alcohol wosungunula ndi madzi asanaunike. Koma tsikulo ndinali nditapukuta. Kenaka ndinakumbukira kuti pamene ndinkaunika magawo omalizira, tochiyo inali yotentha m'manja. Ndinaitchaja mpaka kudzaza, ndinaiyang'anitsa ku khoma m'chipinda cha mdima, n'kuika foni pambali kuti ijambule kanema popanda kudzisinthira kuwala yokha. Nditaonera kanemayo mothamangitsa, ndinaona kuwalako kukutsika pang'onopang'ono, mopanda kuphethira kapena chizindikiro chilichonse, mpaka patatha mphindi 10 kunali kutatsala pafupifupi theka. Diso la munthu limazolowera kusintha kotere, choncho ndili m'galaja sindikanazindikira.

Kuti tochi yaing'ono imadzichepetsera mphamvu ikatentha si zachilendo, chifukwa imateteza LED ndi batire kuti zisawonongeke. Chimene ndikudandaula n'chakuti iyi imachita zimenezi mobisa, ndipo kuwala kwake kumatsikanso batire likamachepa. Batire la lithium-ion limakhala pa 4.2V likadzaza ndipo limatsika kupita cha ku 3V likamatha, ndiye tochi yopanda kachipangizo kabwino kowongolera mphamvu imangotsatira kutsikako. Pa tochi yoyendera usiku zimenezi sizivuta kwenikweni. Koma tochi yofufuzira penti ndi chida choyezera, ndipo ngati kuwala komwe mwaunikira kagawo koyamba kwasiyana ndi komwe mwaunikira komaliza, simungadziwe ngati timizere tachoka kapena tochi ndi imene yaleka kutiona. Pa penti wakuda wa galimoto yanga, timizere tosaya tinkayamba kusowa kuwala kukangofooka.

Ndinapeza njira yokhalira nayo. Ndimaiyatsa kwa masekondi ochepa okha pofufuza, ndimaitchaja ndisanayambe ntchito iliyonse, ndipo ndimasiya kachigawo kosapolisha kuseri kwa tepi kuti ndiziyesera pamenepo ngati tochiyo ikuonabe bwino. Kwa miyezi ingapo zinayenda, moti mkwiyo unatha ndipo ndinayambanso kuikonda, makamaka tsiku limene inandionetsa kamzere kakuya pa chitseko cha kumbuyo komwe chikhadabo chinkakodwa, n'kundichenjeza kuti ndisalimbane nako ndi makina.

M'mwezi wa 9 batire linayamba kutha msanga, ndipo kuwala kunkayamba kutsika pasanathe n'komwe mphindi ziwiri. Apa ndi pamene ndinazindikira cholakwa chachiwiri chimene ndinachita pogula. Mkati mwa tochiyi muli batire wamba la 18650, lija la mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali, lomwe limapezeka mosavuta, koma analimatirira ndi mtovu n'kutseka thupi lonse ndi guluu, moti kulitsegula kukanathetsa waranti ya miyezi 12. Ndinalembera wogulitsa, ndikutumiza lisiti ndi kanema uja. Yankho loyamba linali lakuti batire ndi chinthu chomwe chimatha ndi kale ndipo waranti siilikhudza. Nditawakumbutsa kuti pa bokosi analemba ma lumen 500 ndi maola awiri, anandiyankha mwaulemu kuti manambalawo ndi olondola malinga ndi muyezo wa ANSI FL1. Nditawerenga za muyezowu ndinapeza kuti sananame. Ma lumen amayezedwa pakati pa masekondi 30 ndi mphindi ziwiri chiyatsireni tochi, ndipo nthawi yoyaka imawerengedwa mpaka kuwala kutatsika kufika pa 10 peresenti ya poyamba. Tochi ikhoza kuwala bwino mphindi zochepa zokha, n'kukhala ikunyeka mofooka nthawi yotsalayo, koma bokosi lake n'kukhalabe likunena zoona. Wogulitsayo ankadziwa zimenezi pamene ndinkamufunsa ndisanagule ngati tochiyi ingapirire ntchito ya tsiku lonse, ndipo sanandiuze.

Panadutsa masabata awiri osayankhidwa, kenaka nditalembanso kachitatu anavomera kusintha batire, koma ndalama yotumizira tochiyo kwa iwo ndinalipira ndekha. Yabwerako ndi batire latsopano ndipo ikuwala ngati kale, komanso ikudzichepetsera kuwala ngati kale, popeza anati umo ndi mmene inapangidwira. Ndiyenera kunena kuti munthu amene ndinkalankhula naye sanandichitepo chipongwe, ndipo ntchito yosintha batireyo inagwiridwa mwaukhondo, popanda kukanda thupi la tochi.

Ndikaika pamodzi mtengo wa tochiyi, womwe unali pafupifupi kuwirikiza katatu wa tochi wamba yabwino, botolo la ceramic coating lomwe linapita pachabe, polishi wowonjezera ndi ndalama yotumizira, ndimaona kuti ndikanagula tochi yokwererapo mtengo yokhala ndi kuwala kosasintha n'kutsalabe ndi kenakake m'thumba. Masiku omwe yandionetsa chinthu chimene diso langa likanaphonya, ndimaiwala zonsezi. Masiku omwe ndikuwerengetsa ndalama, sindiiwala.

Mnzanga uja ndinamuuza kuti asathamangire ma lumen ambiri, koma afune tochi ya LED imodzi yaing'ono, yotha kuchepetsedwa kuwala, yokhala ndi batire la 18650 lochotseka ndi manja, ndipo asanalipire apemphe wogulitsa chithunzi cha mmene kuwala kumayendera pa ola loyamba, komanso amulembere pa pepala ngati waranti ikukhudza batire. Ndamuuzanso kuti abwere adzabwereke yangayi n'kuiyesa pa chitseko cha galimoto yake, ataika wotchi pambali. Ine ndiisunga mpaka batire latsopanoli litatha. Waranti ikutha mwezi wamawa, ndipo wogulitsa wandiuza kale kuti kusintha batire kuja sikunawonjezere tsiku ngakhale limodzi, choncho likadzafookanso ndidzaitsegula ndekha.