Chithunzi cha setilaiti chogula kapena saveya: zomwe zaoneka ku Salima dzinja litadutsa

Ogulitsa zithunzi za setilaiti akamalankhula ndi maofesi a boma amati chithunzi cha masentimita 50 (chomwe kadontho kake kamodzi kamaimira masentimita 50 a pansi) chimathetsa kufunika kolemba saveya. Tsiku lomwe chithunzicho chafika munthu amavomereza. Denga lililonse la malata pa Kamuzu Road likuwala, njanji ikuoneka mpaka ku Chipoka, mabwato a asodzi ku Senga Bay ukutha kuwawerenga. Koma chikagwira ntchito chilimwe chonse ndi dzinja lomwe, pamaoneka pomwe chimathandiza ndi pomwe chimasocheretsa.

Pomwe chathandiza mpoonekeratu: kuwerenga nyumba, kuona midzi yomwe yatalikira mjigo, kulondola misewu ya fumbi yomwe mulibe m'mapu akale a 1:50,000. Chathandizanso pa misonkhano ya makomiti a malo m'midzi, omwe anabwera ndi lamulo la malo a mafumu la 2016. Chikasindikizidwa pa pepala lalikulu la A1 pa sikelo ya 1:2,500, a gulupu ndi anthu awo amazindikira okha chulu, mtengo wa mango ndi khwawa lomwe ndi malire. Pa ntchito zotere kulemba saveya nkuwononga ndalama.

Vuto loyamba limabwera pomwe wina wafuna kuyika maploti pa chithunzicho. Chithunzi cha masetilaiti a Pléiades kapena WorldView chomwe sichinamangidwe (kulinganizidwa) pa malo oyezedwa pansi chimatha kusuntha ndi mamita angapo, nthawi zina mpaka asanu. Masentimita 50 aja amangonena kukula kwa kadontho kamodzi ka chithunzi, sanena kuti kadonthoko kakhala pamalo pake. Pa ploti ya mamita 15 m'lifupi, kusuntha kwa mamita anayi kumayika chimbudzi cha munthu m'ploti ya mnzake, mlandu nkuyambika pomwe panalibe mlandu. Kutsimikizira ndi GPS ya m'manja kapena ya pafoni sikuthandiza, chifukwa nayonso imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu.

Palinso kusuntha kwina kwakukulu komwe kumazunguza anthu. Mapu akale ndi mapulani ambiri a lizi anajambulidwa pa datum (maziko owerengera manambala a malo) yotchedwa Arc 1950, pomwe zithunzi zogula zimabwera pa datum ina yotchedwa WGS 84. Zonse zimalembedwa kuti UTM zone 36 South (dzina la gridi ya mapu a dera lino), ndiye munthu amaganiza kuti nzofanana. Mukaziphatikiza osasintha, malo a lizi amasuntha mamita pafupifupi 300 chakumpoto kapena chakumwera. Mu QGIS, pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta, kukonza kwake nkosavuta: fayilo yakale muipatse nambala ya Arc 1950, EPSG 20936, chithunzi chikhale pa ya WGS 84, EPSG 32736. Chovuta nchakuti mafayilo ena akale sanalembedwe kuti ali pa datum iti, ndipo yemwe angadziwe ndi amene wapita kukaima pa bikoni ndi chipangizo.

Tsiku lomwe chithunzi chinajambulidwa ndi nkhani ina yomwe kotesheni imabisa. Chotchipa chimakhala chotengedwa m'nkhokwe ya kampani, mwina cha zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Kumtunda zimenezi sizivuta kwambiri. M'mbali mwa nyanja zimavuta, chifukwa mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera nkulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Chithunzi chakale chimaonetsa mchenga pomwe panadzalowa madzi, ndipo wopereka chilolezo chomanga potengera chithunzicho amalola nyumba pamalo pomwe nyanja inafika kale. Kulamula chatsopano m'dzinja nakonso nkovuta: kuyambira Disembala mpaka Malichi mitambo imaphimba, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa tchire umachititsa chithunzi kuyera. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Julayi. Pongofuna kuona pomwe madzi afika, setilaiti ya Sentinel-2 ya mamita 10 imakwana, njaulere, ndipo imadutsa masiku asanu aliwonse.

Pomwe katundu wogula walepheratu ndi pa kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Mapu ambiri otchipa oonetsa mitunda amachokera ku SRTM, miyezo ya mitunda yotengedwa mumlengalenga ndi radar, yomwe inajambulidwa mu Febuluwale 2000 pa mamita 30 kadontho kalikonse. Imaphonya ndi mamita angapo, ndipo pomwe pali mitengo yothithikana imayeza pamwamba pa masamba. Salima wa kunyanja ndi wachidikha. Ngalande ya mpunga ngati za ku Lifuwu, ikatsetsereka mita imodzi pa kilomita, ndiye kuti kuphonya kwa SRTM kwaposa kutsetsereka kwa ngalande yonse, ndipo pa kompyuta madzi amaoneka ngati akukwera mtunda. Chimodzimodzi pofuna kudziwa midzi yomwe Linthipe angasefukire, kapena kukula kwa kalavati. Apa pamafunika saveya wa GNSS ya RTK (GPS ya masaveya), yomwe imayeza mpaka masentimita awiri kapena atatu, kapena droni yomwe yaikiridwa zizindikiro zoyezedwa pansi. Droni yopanda zizindikirozo imatulutsa chithunzi chokongola chomwe pakati pake papindika ngati mbale.

Za laisensi ambiri amaziwerenga mochedwa. Boma silikhala mwini wa chithunzicho, limangogula chilolezo chochigwiritsa ntchito, ndipo zilolezo zina sizilola kupatsa nthambi ina kapena kuchiyika pa MASDAP, tsamba la pa intaneti logawana mapu a Malawi. Zithunzi zolipira chaka ndi chaka pa intaneti zimakhala m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 bajeti zotere zinaperewera, ndipo malipiro akatha pa kompyuta sipatsala kanthu.

Muzu wa zonsezi uli m'kagulidwe. Chithunzi chimalowa m'gulu la katundu: makotesheni atatu, wotchipa wapambana, wa kusitolo wasayina kuti hard drive yafika. Palibe amene amayeza ngati zili m'katimo nzolondola, ndipo zikadzaphonya palibe wosayina woti mumugwire. Ntchito ya saveya imalowa m'gulu la ukadaulo m'malamulo a PPDA (bungwe loyang'anira kagulidwe ka boma), pomwe komiti imayamba yaona luso isanatsegule mitengo. Pulani ya lizi imafuna siginecha ya saveya wovomerezeka ndi chidindo cha Surveyor General, ndipo chithunzi, chikhale chowala chotani, sichilowa m'malo mwa zimenezo.

Masaveya nawo asatamandidwe mopitirira. Amatenga nthawi, mafuta ndi ma alawansi amadya gawo lalikulu la mtengo, ndipo ena amangopereka PDF nkusunga manambala enieni kuti mudzawalembenso. Mabikoni oikidwa m'dambo kapena pakati pa munda sakhalitsa, khasu limawazula chaka chomwecho.

Njira yomwe yaoneka yogwira ndi kugula zonse ziwiri, koma saveya ayambe. Mupatseni kontirakiti yaying'ono yoyeza malo osasuntha omwe amaoneka pa chithunzi, monga ngodya za milatho, masilabu a mijigo ndi pomwe njanji yadutsana ndi msewu, omwazikana dera lonse mpaka m'mphepete. Ena mwa malowo apite kwa wogulitsa kuti amangirepo chithunzi. Ena 20 muwabise, akhale oyesera chithunzicho chikadzafika. Mu tenda mulembe mwezi ndi chaka chojambulira, mitambo yosapitirira 10 peresenti, datum, kuphonya komwe mungalole m'mamita, ndi nthambi zonse zomwe zidzagwiritse ntchito. Saveya naye apereke mafayilo a mapu a shapefile kapena GeoPackage pamodzi ndi mafayilo a m'chipangizo chake. Gawo lomaliza la malipiro a onse awiri lisatuluke mpaka malo 20 aja atayesedwa ndipo lipoti lake lasayinidwa.