Magalasi a VR, kompyuta kapena kuyeserera: pofufuza momwe anthu amathawira moto

Anzanga kuno ku Zomba akhala akundifunsa choti agule pofufuza zimene ana asukulu angachite moto utabuka kumalo awo ogona. Kuyeserera kwenikweni, belu n'kulira onse n'kutuluka, ndi kumene kumaonetsa nthawi imene gulu limatenga kudutsa pakhomo, koma simungadzaze chipinda ndi utsi kapena kutseka khomo lalikulu popanda kuika miyoyo pachiswe. Kuonetsa nyumba yoyaka pakompyuta n'kotchipa, kungoti munthu amangodina mabatani atakhala pampando.

Magalasi a VR ndi ovala kumaso, oonetsa malo ongopanga ngati kuti munthu ali momwemo. Otchipa oikamo foni musagule. Wogulitsa wina ananditsimikizira kuti sasiyana ndi odula, koma sanandiuze kuti amangotsata kutembenuka kwa mutu basi. Munthu akawerama kuti apewe utsi, chithunzi sichitsika naye, ndipo akaponya phazi, khomo silisendera pafupi. Titawayesa, chimene tinkafuna kuona, choti mwana angakwawe pansi pa utsi kapena ayi, sichinaoneke n'komwe. Foni nayo inkatentha, ndipo mtsikana wina anavula magalasiwo atagwira khoma, akudandaula chizungulire ndi nseru. Ndalama zimene zija zimandiwawabe mpaka lero.

Mwa magalasi odula, HTC Vive ya mu 2016 imazindikira munthu akasuntha, koma imafuna kompyuta yamphamvu ndi timasensa toika m'makona a chipinda, zomwe zonse zimadalira magetsi. Meta Quest 3, yomwe inatuluka mu 2023, imagwira ntchito payokha ndipo batire lake limatha maola pafupifupi awiri, choncho magetsi akathima ntchito siima. Ine ndimasankha imeneyi.

Phindu lalikulu la VR ndi loona momwe timatengerana. Mu 1968, akatswiri a kaganizidwe ka anthu Bibb Latané ndi John Darley anapeza kuti anthu 75 pa 100 alionse amene anali okha anakanena utsi utalowa m'chipinda, pamene mwa okhala ndi anthu awiri osalabadira, 10 okha ndi amene anakanena. Mu VR mungaikemo anthu ongopanga osalabadira belu, n'kubwereza zomwezo kwa aliyense. Kutentha ndi fungo la utsi mulibe, ndiye liwiro la kuthawa musaliyezere mmenemu. Muwerengerenso malipiro a katswiri womanga nyumba yongopangayo mu Unity, pulogalamu ya pakompyuta yopangira malo oterewa, wodziwa kuika zitsulo za m'mazenera monga zilili kwathu kuno, chifukwa magalasiwo sabwera nayo.