Pepala, makina kapena zonse ziwiri: njira iti imateteza bwino voti yathu?

Chisankho chikamayandikira, mkangano wa momwe mavoti aziponyedwera ndi kuwerengedwera umabuka mwatsopano. Ena amati mapepala ndi achikale ndipo ndiwo amapatsa mpata akuba, pamene ena amati makina ndiwo oopsa chifukwa zochitika mkati mwake palibe amaziona. Mkanganowu unakula kwambiri chisankho cha pa 16 September 2025 chisanachitike, pamene bungwe la MEC linagwiritsa ntchito zipangizo za kampani ya Smartmatic polemba anthu mu kaundula, zipani zotsutsa boma za nthawiyo n'kumaumirira kuti akatswiri oima paokha aziunike kaye. Kunena zoona, njira zimene zikupikisana ndi zitatu, ndipo zimasiyana pa funso limodzi: kodi monita wachipani amene ali pa sukulu yapulaimale ya kumudzi, amene sanaphunzirepo za kompyuta, angathe kutsimikiza ndi maso ake kuti chiwerengero cholengezedwa ndi chomwecho chimene anaona usiku wowerenga mavoti?

Njira yoyamba ndi ya pepala lokhalokha, imene Amalawi takhala tikuidziwa kuyambira pa riferendamu ya pa 14 June 1993, pamene anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Mphamvu yake imaonekera madzulo, kuponya mavoti kukatha. Bokosi limatsegulidwa m'kalasi momwemo, mapepala amakhuthulidwa patebulo, ndipo aphunzitsi olembedwa ntchito ya tsikulo amanyamula pepala limodzilimodzi m'mwamba kuti mamonita onse aone pamene pachongedwa. Pakakhala pepala lokayikitsa, loti munthu wachonga pakati pa anthu awiri, amakangana pompo mowunikira ndi tochi mpaka agwirizane ngati ili voti yowonongeka kapena ayi. Zonse zikatha, chiwerengero chimalembedwa pa fomu ya zotsatira, mamonita amasaina, ndipo aliyense amayenera kulandira kope lake. Pa gawo limeneli kuba n'kovuta kwambiri, chifukwa wakubayo ayenera kunyenga anthu a zipani zodana amene akhala moyang'anizana naye.

Kufooka kwa pepala kumayamba fomu ija ikatuluka m'kalasi. Zimene zinachitika pa chisankho cha pa 21 May 2019 ndi umboni wokwanira. Bwalo la malamulo oyendetsera dziko, la oweruza asanu otsogozedwa ndi Healey Potani, linapeza kuti mafomu ambiri anafufutidwa ndi tipeksi, ena anali makope m'malo mwa mafomu enieni, ndipo ena analibe masiginecha oyenera. Pa 3 February 2020 bwalolo linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo bwalo lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu May chaka chomwecho. Anthu ambiri anatengapo phunziro loti pepala ndi losadalirika, koma ine ndimaona mosiyana. Tipeksi anagwidwa chifukwa anali papepala. Maloya anatha kunyamula fomu, kuiyerekeza ndi kope la monita, ndi kusonyeza oweruza pamene nambala yasinthidwa. Chinyengo chomwecho chikanachitikira mkati mwa kompyuta, sipakanakhala banga loyera loti munthu aloze ndi chala. Komabe pepala limachedwa, limafuna magalimoto ndi asilikali oliperekeza, ndipo likhoza kutha ndi moto, monga mmene zinachitikira mu 2014 pamene nyumba yosungiramo katundu wa MEC ku Lilongwe inapsa, mavoti a dera la Lilongwe City South East amene ankayembekezeka kuwerengedwanso n'kupsera momwemo.

Njira yachiwiri ndi yoponya voti pa makina, pomwe munthu amangodina batani ndipo makinawo amawonkhetsa okha. Ubwino wake suyenera kubisidwa. Dziko la Brazil linayamba kugwiritsa ntchito makina mu 1996, ndipo kuyambira mu 2000 dziko lonse limavota chotero, zotsatira n'kumadziwika patangopita maola ochepa ngakhale kuti ndi dziko lalikulu kwambiri. Mavoti owonongeka chifukwa cholephera kuchonga bwino amachepa, ndipo ntchito yosindikiza mapepala mamiliyoni ambiri, imene ife tinkakachitira ku Dubai mu 2019 ndi mu 2020, imatha. India nayo imavota pa makina oyendera batire amene salumikizidwa pa intaneti.

Koma taonani zimene zinagwera mayiko amene anadalira makina opanda pepala. Namibia inali dziko loyamba mu Africa kuvota pa makina pa chisankho cha dziko lonse mu 2014, pogwiritsa ntchito makina ochokera ku India. Chisankho cha 2019 chitatha, Panduleni Itula, mmodzi mwa opikisana pa mpando wa pulezidenti, anakadandaula kukhothi, ndipo mu February 2020 bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti kugwiritsa ntchito makinawo popanda pepala lotsimikizira voti kunali kosemphana ndi malamulo. Dzikolo linabwerera ku mapepala. Ku Germany, kumene palibe anganene kuti akatswiri ndi osowa, mu 2009 bwalo la malamulo oyendetsera dziko linakana makina amene ankagwiritsidwa ntchito kumeneko, ponena kuti nzika wamba iyenera kutha kutsatira magawo ofunika a chisankho popanda kufuna luso lapadera. Ngakhale ku Brazil komweko, kusowa kwa pepala loti liwerengedwenso kunapatsa Jair Bolsonaro, amene anali pulezidenti wa dzikolo, poyambira kufesa chikayiko popanda umboni, ndipo otsatira ake anakathyola nyumba za boma ku Brasília pa 8 January 2023. Makina akhoza kukhala olungama ndithu, koma wogonja akawakayikira sipakhala chomuonetsa. N'chifukwa chake India inawonjezera kachipangizo kotulutsa kapepala kamene wovota amakaona kuseri kwa galasi kasanagwere m'bokosi lotseka, ndipo timapepala ta malo ena osankhidwa mwamaere timawerengedwa pamanja kuti tiyerekezedwe ndi zimene makina anena.

Kwa ife palinso zovuta zina zimene Brazil ilibe pa mlingo womwewo. Masukulu ambiri amene timavoterako alibe magetsi. Makina amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko likusowa ngakhale pogula mafuta ndi mankhwala, ndipo akagulidwa amafuna kusungidwa bwino zaka zisanu, kukonzedwa, ndi kulipiridwa ziphaso za mapulogalamu ake. Choopsa kwambiri n'chakuti akatswiri odziwa zamkati mwake amakhala a kampani yakunja, motero chinsinsi cha chisankho cha dziko chimakhala m'manja mwa anthu amene sitingawachotse pa udindo ndi voti yathu. Za kuvota pa intaneti, monga amachitira ku Estonia kuyambira mu 2005, sindichedwapo: limenelo ndi dziko la anthu osafika mamiliyoni awiri, lokhala ndi ziphaso zamakono zimene nzika zimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo kuno voti yoponyedwa pa foni kunyumba ingakhale yosavuta kuigula kapena kuikakamiza, popeza wogulayo akhoza kuima pambali n'kumaonerera.

Njira yachitatu ndi yophatikiza: kuvota ndi kuwerenga kumachitika papepala, koma makina amathandiza polemba anthu mu kaundula, powazindikira pa tsiku lovota, ndi potumiza zotsatira. Imeneyi ndiyo Malawi yakhala ikulowera pang'onopang'ono, makamaka chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika wa bungwe la NRB mu 2017. Pa kaundula, makina amaposa pepala kutali, chifukwa kuyerekeza zidindo za zala kumagwira munthu wolembetsa kawiri, ntchito imene alembi sangaithe ndi mabuku. Vuto lake n'lakuti nzika imene ilibe chiphaso imatsekeredwa kunja ngakhale ili yoyenera kuvota, choncho ubwino wa njirayi umadalira kuti NRB ifike m'mudzi uliwonse nthawi yake isanathe.

Pa kutumiza zotsatira ndi pamene njira yachitatuyi imagawikanso pawiri, ndipo Kenya yatisonyeza mbali zonse. Mu 2017 zotsatira zinkatumizidwa kudzera pa zipangizo zamakono zotchedwa KIEMS kupita ku makompyuta a bungwe loyendetsa zisankho la dzikolo la IEBC, amene anthu wamba sankatha kuonamo. Otsutsa atadandaula, bungwelo silinatsatire mokwanira lamulo la khothi loti litsegule makompyutawo kuti aunikidwe, ndipo pa 1 September 2017 bwalo lalikulu lotsogozedwa ndi David Maraga linafafaniza chisankho cha pulezidenti. Mu 2022 bungwe lomwelo linachita zosiyana: chithunzi cha fomu ya zotsatira (34A) ya malo aliwonse oponyera voti, malo oposa 46,000, chinkaikidwa pa intaneti kuti aliyense achione. Atolankhani, zipani ndi anthu wamba anatha kutsitsa mafomuwo n'kuwonkhetsa okha. Mikangano inalipobe, ngakhale makomishonala anagawikana, koma nkhani itafika kukhothi panali mapepala oti ayerekezedwe, ndipo bwalo linavomereza zotsatirazo. Zipangizo zinali zofanana pa zisankho ziwirizi; chosiyana chinali chakuti mu 2017 makina anasonkhanitsa zotsatira pamalo amodzi obisika, pamene mu 2022 anazimwaza kwa anthu onse.

Kwathu kuno, chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020, motsogozedwa ndi Chifundo Kachale, chinadalira kwambiri kunyamula mafomu enieni kuchokera m'maboma, ndipo chinalandiridwa bwino. Mu 2025, MEC motsogozedwa ndi Annabel Mtalimanja inadikira kufikira pa 24 September, tsiku lomaliza mwa masiku asanu ndi atatu amene lamulo limapereka, isanalengeze kuti Peter Mutharika wapambana, ndipo Lazarus Chakwera anavomereza kugonja. Masiku odikirawo anali olemera, mphekesera zinadzaza pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo zipani zinayamba kudzilengeza zokha kuti zapambana. Apa ndi pamene ndikuona kuti makina angatithandize kwambiri popanda kutilanda kanthu.

Ndikayika njira zitatuzi pamodzi, makina oponyerapo voti ndimawakana, chifukwa amagula liwiro potaya chinthu chimene chinatipulumutsa mu 2020, chomwe ndi umboni wogwirika. Pepala lokhalokha ndimalilemekeza, koma limasiya msewu wautali pakati pa sukulu ndi likulu lowerengera mavoti, ndipo pa msewu umenewo ndi pamene tipeksi analowera. Chimene ndingasankhe ndi njira yophatikiza, koma yomangidwa ndi lamulo m'malo modalira kukoma mtima kwa makomishonala: fomu iliyonse ikasainidwa imatidwe pakhomo la kalasi, ijambulidwe pamaso pa mamonita, chithunzi chake chiikidwe poyera pa intaneti netiweki ikangopezeka, ndipo pakakhala kusiyana pakati pa nambala ya mu kompyuta ndi ya papepala, ya papepala ndiyo igwire ntchito. Mapulogalamu a zipangizo zilizonse zimene MEC igule aunikidwe ndi akatswiri ovomerezedwa ndi zipani zonse miyezi ingapo chisankho chisanafike. Aphungu ali ndi nthawi yokwanira yoika zimenezi m'malamulo a zisankho chaka cha 2030 chisanakwane, ndipo ndi bwino kuti azikambirane tsopano, pamene palibe chipani chikudziwa ngati chidzakhale chopambana kapena chodandaula.