50mm, 85mm kapena 70-200: iti yojambulira oimba jazz mumdima?

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, wina mpaka kundiimbira foni usiku ndili m'tulo, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Akuti akufuna azijambula oimba jazz m'mabala ndi m'mahotela, agule lenzi iti? Ine si katswiri ayi, koma ndinapsa kale, ndalama zanga zinapita ndikuziona.

Mdani wanu kumeneko ndi mdima basi. Woimba amakhala pakona, nyali imodzi yofiira kapena yabuluu, maso watsinzina, mutu ukugwedera, mayiki yaphimba pakamwa. Kuti nkhope isachite mbuu mumafunika shata yothamanga, yotseguka cha m'ma 1/250 ya sekondi yokha, ndipo flashi musayerekeze dala, mukangowalitsa pakati pa nyimbo yodekha bala yonse imakucheukirani ngati mwaba nkhuku.

Foni ndiichotseretu. Night mode ija imajambula zithunzi zingapo n'kuziphatikiza, ndiye chinthu chikhale chosasuntha, koma woimba sangakuimireni, mumapeza ali ndi milomo iwiri. Kavidiyo ka pa status ka WhatsApp ndiye sawasawa, kupitirira apo ayi. Lenzi yobwera ndi kamera, 18-55 ija, nayonso siyithandiza, mukaikoka kufika pa 55mm imakhala pa f/5.6 (nambala ya f ikakula, kabowo kolowetsa kuwala kamachepa), kuwala komwe ikulowetsa n'kochepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi f/1.8. Isungeni ya ku chinkhoswe masana.

Tsopano 70-200 f/2.8, iyi ndiye ndili nayo mawu.

Aliyense amailakalaka, ndimamvetsa, ukainyamula anthu amakupatsa njira, a pageti safunsanso zambiri. Ine ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito kwa mkulu wina wa ku Joni yemwe ndinamupeza pa gulu lina la ojambula. Zithunzi zomwe ananditumizira zinali zonyezimira, akuti "bwana iyi ndi yatsopano, ndangoijambulira maukwati awiri". Mtengo tinagwirizana, ndinatumiza. Kenako akuti wa basi yemwe abweretse katundu akufuna yake. Chabwino ndinapereka. Itafika pa boda akuti palinso msonkho, zomwe mkuluyo analumbira kuti zili kale mumtengo muja, ndipo nthawi imeneyo foni yake inali itayamba kale kusayankhidwa. Ndinakongola kwa mlamu wanga kuti ndiombole, mpaka lero akandiona amafunsa kuti "alamu, kamfuti kanu kaja kakubweza liti ndalama?"

Chomwe chinandipweteka kwambiri si ndalamazo. Ndinaitsegula masana, kunja ikuoneka bwinobwino, ndinajambula galu wa aneba chithunzi n'kutuluka chakuthwa, ndinagona mtima uli m'malo. Ntchito yake yoyamba inali kumapeto kwa Okutobala pa bala ina yomwe kumakonda kubwera azungu, anakonza usiku wa Halloween, mwambo wawo uja wa pa 31 wovala zoopsa. Ife za mizukwa sitiseweretsa koma ganyu ndi ganyu. Anazimitsa pafupifupi nyali zonse, kusiya makandulo pa matebulo ndi nyali imodzi yofiira kumbuyo kwa woimba, bandi ikuimba nyimbo za ufiti ndi mizimu zokhazokha. Mayi woimbayo atafika pa I Put a Spell on You, moimba mwa Nina Simone muja mwa 1965, osati mokuwa ngati mwini wake Screamin' Jay Hawkins, anachotsa mayiki pakamwa, kukweza dzanja, khosi lonse mitsempha ili njo. Chimenecho ndiye chithunzi chomwe ndinabwerera. Ndikudina, lenzi ikungopita kutsogolo n'kubwerera kusaka fokasi, zuu zuu, osagwira. Itagwira iye anali atatsitsa kale dzanja.

Kunyumba pa kompyuta zithunzi zonse zomwe nyali inali kumbuyo zinali ndi chifunga, ngati ndajambulira kuseri kwa pepala la pulasitiki lopaka mafuta. Mnzanga wina ndi amene ananditsegula maso, anachotsa zotsekera zonse ziwiri, kuyatsa tochi ya foni mbali imodzi n'kundiuza kuti suzumira mbali inayo. Mkati munali fangasi, chuku chija, tangati ulusi wa kangaude titayala pa galasi la mkati. Masana sichioneka kwenikweni, koma kuwala kukabwera molunjika kumamwazikira pomwepo, ndipo ku jazz nyali nthawi zambiri imakhala kumbuyo kwa woimba. Ndiye chonde, lenzi iliyonse yakale musanapereke ndalama iwalitseni ndi tochi, wogulitsa akakana kapena ali kutali moti simungaigwire m'manja, musiyeni. Ndipo yanu yomwe muli nayo muziisunga ndi timapaketi ta silica toyamwa chinyezi tija nyengo ya mvula.

Ndinene chilungamo, 70-200 yabwinobwino si yoipa, ku siteji yaikulu ngati ya festival komwe amakuimikani kutali ndiye mfumu. Koma m'kabala kakang'ono ngakhale ikhale yatsopano imalemera cha m'ma kilo imodzi ndi theka, mkono umachita dzanzi seti yoyamba isanathe, mumagunda nayo mitu ya anthu, komanso f/2.8 imalowetsa kuwala kosakwana theka la f/1.8. Ena amati koma ili ndi stabilizer. Eya, imaletsa kunjenjemera kwa manja anu, osati kwa woimba. Mwina ndikulankhula ndi mkwiyo, kaya, koma ine ayi.

50mm f/1.8 ndi kanthu kochepa, ya Canon ya STM imalemera magalamu 160 okha, ndipo pa malenzi onse ndi imodzi mwa zotchipitsitsa, kaya Canon kaya Nikon. Kamera yanu ikakhala ya crop, kutanthauza ya sensa yaing'ono, monga zomwe ambirife tili nazo, imaona ngati 80mm pa Canon kapena 75mm pa Nikon, ndiye mutakhala tebulo lakutsogolo mumapeza woimba kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, mwina ndi dzanja la wa besi kumbuyo. Choipa chake muyenera kuyandikira ndi miyendo yanu, ndipo pa f/1.8 fokasi ndi yopyapyala zedi, mukalakwitsa pang'ono mayiki imatuluka yakuthwa maso ali mbuu. Ine ndimaika kadontho ka fokasi kamodzi pa diso, ndimaima cha m'mbali osati kutsogolo kwenikweni, n'kudikira pomwe akupuma kapena akumvetsera solo ya mnzake, pamenepo mayiki imachoka yokha pankhope.

85mm f/1.8 ndimaibwereka kwa mnzanga uja wa tochi. Nkhope imatuluka mokongola kuposa 50, kumbuyo konse kumasungunuka, koma pa crop m'chipinda chaching'ono imathina, mumangopeza mutu wokha, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo ndithu. Amene muli ndi full frame, kamera ya sensa yaikulu, yambani ndi imeneyi.

Za ISO, nambala yomwe mumakweza kuti chithunzi chiwale mumdima, musaope, ikani 3200 ngakhale 6400, jambulani RAW, fayilo yosakonzedwa yomwe mumakaikonza pa kompyuta. Nyali yofiira ikaononga khungu sandutsani chithunzicho chakuda ndi choyera, timadontho tobwera ndi ISO yokwera timakhala ngati tapangidwira dala. Onani za Roy DeCarava wa ku Harlem, ankajambula a John Coltrane, katswiri wa saxophone, ndi anzawo ndi kuwala komwe wakupeza, zithunzi zina zakuda moti umayamba wayang'anitsitsa kuti uone munthu. William Gottlieb yemwe anajambula woimba jazz Billie Holiday mu 1947 ku New York, chithunzi chija ali kukamwa yasa maso atatseka, ankanyamula chikamera cha Speed Graphic ndi mababu a flashi oyaka kamodzi n'kutha, ndiye ankajambula zochepa kwambiri usiku wonse, kudikira kaye asanadine. Ine ndi memory card yodzadza ndinabwerako ndi chifunga.

Kanthu kena, amene muli ndi mirrorless, makamera opanda kalilole mkati, silent shutter imathandiza pa nyimbo zodekha chifukwa kamera siilira, koma pansi pa nyali zina za LED imatulutsa mizere pachithunzi, yesani kaye nthawi ya sound check.

Ndiye amwene inu munandiimbira usiku uja, gulani 50mm f/1.8, ndalama yotsalayo mugulire batire yachiwiri. 70-200 yanga ikadali mu kabati, wokonza anati kuitsegula ndi kuipukuta kokha ndi ndalama yoti ndingagulire 50 ina, ndipo sakulonjeza kuti galasi silinadyeke kale. Amene akuifuna abwere ndi tochi yake aione yekha, ndalamayo ipita kwa alamu.