Kachikwama ka kumbuyo kwa osambira ndi masilinda m'mbali

Amene amasambira pansi pa madzi m'njira ya sidemount, atapachika masilinda a mpweya m'mbali mwa thupi kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, amadziwa kuti pachifuwa payenera kukhala popanda katundu, chifukwa ndi pamene pamadutsa mapaipi opumira ndiponso pamene dzanja limafikira mavavu msanga. N'chifukwa chake ndinagula kachikwama komangirira kumbuyo, m'munsi mwa chiuno, ndipo ndakagwiritsa ntchito mokwanira kuti ndikaweruze.

Kanasokedwa ndi nayiloni yolimba, kali ndi timabowo totulutsira madzi, ndipo kamakolowekedwa ndi tingowe tiwiri ku mphete ziwiri zachitsulo za pa chovala chakumsana chimene timakolowekapo masilinda. Ukafuna chinthu, umamasula kangowe kamodzi, n'kukokera kachikwamako kutsogolo kuti uone zimene ukutenga. Chimene ndinakonda kwambiri ndi tizingwe ta mphira ta m'kati mwake, pakuti magalasi osambirira apadera, kagudumu ka chingwe ndi kabuku kolembamo m'madzi, chilichonse chimakhala chomangiriridwa, kotero kuti ukatsegula zipi palibe chimene chimathawa. Zipiyo ndi yaikulu, koma chogwirira chake n'chaching'ono kwa munthu wovala magolovesi okhuthala, ndipo ndinachita kumangirirapo kachingwe.

Vuto linabwera pa chikwama chokwezera katundu, chimene timachidzaza mpweya kuti chiyandamitse zinthu zolemera kuchokera pansi pa madzi. Changa chimanyamula makilogalamu 25, ndiye kuti chimalowa mpweya pafupifupi malita 25, ndipo ngakhale nditachipinda mosamala motani, chinatupitsa kachikwamako mpaka kanayamba kukhula denga m'malo opanikiza monga m'mapanga a pansi pa madzi ndi kutchinga mphete zimene ndimakolowekapo masilinda. Choopsa kwambiri ndi mpweya wotsalira m'makwinya mwake. Pa kuya kwa mamita 10 mpweya umakhala utapanikizidwa kufika theka la kukula kwake, choncho chikwama chimene wachigwiritsa ntchito pansi n'kuchibwezera osachifinya bwino chimafufuma pokwera, n'kumatukula chiuno pa nthawi imene ukufuna kukhazikika.

Tsopano chikwama chokwezeracho ndimachikulunga ngati mkeka, vavu yotulutsira mpweya ili kunja, n'kuchilowetsa m'zingwe ziwiri za mphira zimene ndinamanga kunsi kwa chovala chakumsana, kangowe kake katakolekedwa kumphete kuti chisapulumuke. Pamenepo chimatuluka ndi dzanja limodzi, ngakhale kuchibwezera kumafuna kuyeserera kangapo m'madzi osaya. Kachikwama kaja ndinakasiyira zinthu zing'onozing'ono zokha, ndipo kuyambira pamenepo kamagona bwino pathupi osagwedera.