Kauntala yathu ya dolomite patatha miyezi 14

Papita miyezi 14 chiikireni mwala wa dolomite pamwamba pa makabati a kukhitchini kwathu. Ndi woyera, wokhala ndi mizere yotuwa yoyenda mokhotakhota ngati utsi, ndipo mpaka lero ndikatsegula makatani m'mawa, dzuwa n'kuwomba pamwalapo, mtima umasangalala. Koma dzuwa lomwelo, likamawomba cham'mbali, ndi limene limaulula zonse zimene mwalawu wakumana nazo.

Tikukasankha, wogulitsa anatiuza kuti dolomite ndi wokongola ngati marble koma kulimba kwake kukuyandikira granite. Za kukongolazo sananame. Za kulimbazo anawonjezera. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala kuyambira 1 mpaka 10, calcite amene amapanga marble ali pa 3, dolomite ali pakati pa 3.5 ndi 4, pomwe quartz wa mu granite ndi mu mwala wina wotchedwa quartzite ali pa 7. Mpeni wamba uli cha pa 5.5. Choncho dolomite ndi m'bale wake wa marble, ndipo mpeni umamukanda. Pafupi ndi chitofu pali kamzere kamene kanabwera tsiku limene mlendo wina, pofuna kundithandiza, anadula anyezi popanda thabwa.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika sabata lachitatu. Mwana wanga anafinya ndimu, chibenthu chotsalacho n'kuchivundikira pamwala pambali pa sinki, ndipo chinagona pomwepo. Kutacha ndinachichotsa, n'kupukuta, koma panatsala kabwalo kofifia, kosanyezimira ngati malo ena onse. Mtundu sunasinthe. Nditapitsapo chala ndinamva kuti pakukhakhala pang'ono. Ndinatsuka ndi sopo kawiri konse poganiza kuti ndi litsiro, koma ayi ndithu. Mmisiri amene anatiikira mwalawu nditamuimbira foni sanachedwe kuyankha: "Pamenepo padyeka ndi asidi, sipangachoke ndi kutsuka."

Ndinamufunsa kuti nanga mankhwala aja munapaka aja, otchedwa sealer, ntchito yake n'chiyani? Yankho lake ndi limene ndikanakonda nditalimva ndisanagule. Sealer amalowa m'timabowo ta mwala n'kuchedwetsa zamadzimadzi kuti zisalowerere, motero amateteza ku mabanga a mafuta, khofi kapena vinyo. Asidi safunikira kulowa. Amasungunula pamwamba penipenipo, chifukwa dolomite ndi carbonate wa calcium ndi magnesium, ndipo carbonate aliyense amagonja kwa asidi. Mandimu, viniga, tomato, zakumwa za gasi, ngakhalenso mankhwala ena otsukira amene amachotsa zoyerayera za madzi pamipope, zonsezi zimadya mwalawu. Mungapake sealer kakhumi, kudyeka kudzakhalapobe.

Sindikufuna kuunamizira mwalawu, chifukwa kusiyana kwake ndi marble kulipo ndithu, ndipo ndi kumene kunaupatsa dzina. Mu 1791 katswiri wa miyala wa ku France, Déodat de Dolomieu, anafotokoza za mwala wa m'mapiri a Alps wooneka ngati limestone (mwala wa laimu) koma wosachita thovu msanga ukathiridwa asidi. Mwalawu pamodzi ndi mapiri a Dolomites kumpoto kwa Italy amatchulidwa ndi dzina lake. Kuchedwa kumeneku ndimakuona m'khitchini mwanga. Msuzi wa tomato ukadonthera, ine n'kupukuta pasanathe mphindi zingapo, sipatsala kanthu. Kwa mchemwali wanga, amene anaika marble, kadontho ka ndimu kamasiya chizindikiro asanapeze n'komwe kansalu. Dolomite amakupatsani kanthawi, koma kanthawi chabe.

Nkhani ya mabanga yayenda bwino. Botolo la mafuta ophikira linasiyapo bwalo lakuda, ndipo ndinasakaniza soda ndi madzi pang'ono mpaka kukhala phala, n'kumata pamalopo, kuphimba ndi pulasitiki kwa tsiku lathunthu. Ulendo wachiwiri bangalo linatheratu. Pofuna kudziwa ngati sealer akugwirabe ntchito ndimadontheza madzi n'kudikira. Akangokhala pamwamba ngati mkanda, zili bwino. Mwala ukayamba kuda pansi pa dontholo, nthawi yopakanso yakwana. Kwathu zinafika pamenepo m'mwezi wa 10 chiikireni mwalawu, kuzungulira sinki kokha.

Kutentha sikunativutitsepo, ngakhale mphika wochokera pamoto ndimauika pa kathabwa. Kubenthuka kwachitika kamodzi, m'mphepete mwa sinki, pamene mphika wolemera unagunda. Kachibenthu kake kanali kochepera chikhadabo, mmisiri anamata ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, ndipo amene sakudziwa sangapaone. Ndikanadziwa ndikanapempha kuti m'mphepetimo mukhale mobulungira, osati mwa ngodya yakuthwa.

Chenjerani ndi mayina. Mwala wina wotchuka wochokera ku Brazil, wotchedwa Super White, kawirikawiri umagulitsidwa ngati quartzite pomwe wambiri mwa iwo ndi marble wa dolomite. Dzina lolembedwa pamwala musalidalire. Pemphani kachidutswa kochokera pa mwala weniweniwo umene mukufuna, mupite nako kunyumba. Kandani botolo lagalasi ndi nsonga yake: quartzite weniweni amakanda galasi, dolomite amangonyenyeka. Kenako donthezani madzi a ndimu, mudikire mphindi 15, mupukute, mukayang'ane pawindo mopendeketsa. Ine ndinangoyang'ana kukongola, kachidutswa sindinapemphe, ndipo chimenechi ndimanong'oneza nacho bondo.

Anzanga amandifunsa ngati ndingasankhenso dolomite. Inde, koma osati wopukutidwa mpaka kung'anima ngati wathuyu. Ndikanatenga wosalala koma wosanyezimira, amene amisiri amamutcha honed, chifukwa pamalo osanyezimira kale, kudyeka sikuonekera patali. Pa wathuyu ndawerenga malo ofifia asanu ndi awiri, ambiri mwa iwo pakati pa sinki ndi chitofu. Mlendo saaona, koma ine ndimadziwa pamene pali lililonse. Ngati ndinu munthu amene kachizindikiro kamodzi kangakusowetseni tulo, kapena pakhomo panu pali ana ambiri amene amadzikonzera okha chakudya, tengani granite kapena quartzite woyesedwa bwino, mupume. Ngati mumakonda kuyera kofatsa kumene miyala iwiriyi nthawi zambiri ilibe, ndipo kupukuta msanga ndi chizolowezi chanu kale, dolomite adzakusangalatsani.

Ife tagwirizana kale ndi mmisiri uja kuti mwezi wamawa abwere ndi makina ake, adzapale kauntala yonse pang'ono kuti ikhale yosanyezimira, kenako apakenso sealer. Akuti ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo kabwalo ka ndimu kaja kadzachokera pomwepo.